Zilolezo zogwirira ntchito ndi zokhalira ku South Africa

Zilolezo zogwirira ntchito ndi zokhalira ku South Africa ndi zikalata zimene boma la dzikolo limapereka kwa nzika za mayiko ena pozilola kukhala, kugwira ntchito, kuphunzira kapena kuchita bizinesi m'dzikomo. Zimaperekedwa ndi unduna woona za m'dziko wotchedwa Department of Home Affairs, potsatira lamulo la Immigration Act nambala 13 la mu 2002. Lamuloli limagawa zilolezozi m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la viza, imene imalola munthu kukhala kwa nthawi yoikika pa chifukwa chimodzi chodziwika. Gulu lachiwiri ndi la chilolezo chokhazikika, chimene chilibe tsiku lothera. Amalawi okhala ku Joni amangozitchula zonsezi kuti "mapepala" kapena "pemiti".

M'lamuloli, kuloledwa kulowa m'dziko n'kosiyana ndi kuloledwa kugwira ntchito. Munthu wa pasipoti ya Malawi amalowa ku South Africa popanda viza n'kupatsidwa masiku 30 ngati mlendo, koma masiku amenewa samupatsa ufulu wolembedwa ntchito. Viza zogwirira ntchito zinakonzedwa moganizira anthu ophunzira kwambiri ndiponso olandira malipiro ambiri, choncho ambiri amene amagwira ntchito za m'nyumba, zosamalira pabwalo, za m'mashopu ndi zomangamanga sakwanitsa zofunika zake.

Mbiri

Kwa zaka zambiri za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland, imene inadzakhala Malawi, ankapita kumigodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu ankalitchula kuti Wenela. Bungweli ndi limene linkalemba anthu, kuwanyamula ndi kuwabweza kumudzi kontrakiti ikatha. Wogwira ntchito sankafunika kuyendera yekha maofesi a zolowa ndi zotuluka, koma sankaloledwanso kutenga banja lake kapena kukhazikika kumeneko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodiyi. Ena ankapita paokha osadzera ku Wenela, ndipo amene ankakhalitsa osabwerera ankatchedwa matchona.

Mu Epulo 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Pulezidenti Hastings Kamuzu Banda anaimitsa ntchito yolemba anthu opita kumigodi. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa bungwe la TEBA, lotchuka ndi dzina loti Theba, koma inatheratu mu 1988 maboma awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza kachilombo ka HIV anthu olembedwa ntchito.

Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, boma latsopano linapereka mwayi wokhazikika kwa ogwira ntchito m'migodi mu 1995, ndiponso mu 1996 kwa nzika za mayiko a SADC zimene zinali zitakhala m'dzikomo kuyambira chaka cha 1991 kapena kale. Lamulo lakale la Aliens Control Act la mu 1991 linalowedwa m'malo ndi lamulo la mu 2002. Kusintha kwakukulu kunachitika pa 26 Meyi 2014, pamene ndondomeko zatsopano zinayamba kugwira ntchito. Kuyambira nthawi imeneyo zilolezo zonse zosakhalitsa zimatchedwa viza, ndipo munthu wopyola masiku ake amaletsedwa kubwereranso m'malo molipira chindapusa.

Maofesi okhudzidwa

Unduna wa Home Affairs ndi umene umavomereza kapena kukana pempho lililonse. Kuyambira mu 2014, munthu amene ali kale m'dzikomo amapereka mafomu ake kumaofesi a kampani ya VFS Global, imene imalandira zikalata, kutenga zidindo za zala ndi kutumiza zonse ku unduna. Kampaniyi ilibe mphamvu yogamula chilichonse. Zipata za m'malire zimayang'aniridwa ndi bungwe la Border Management Authority, limene linayamba kugwira ntchito palokha pa 1 Epulo 2023.

Munthu wopempha viza koyamba amayenera kutero ali kudziko lakwawo kapena kumene akukhala movomerezeka. Ku Malawi, ofesi ya kazembe wa South Africa ili ku Lilongwe. Dziko la Malawi lili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ofesi ina ku Johannesburg, zimene zimathandiza Amalawi pa nkhani za pasipoti ndi zikalata zoyendera, koma sizipereka viza ya South Africa.

Kulowa ngati mlendo

Amalawi ambiri amayenda pa basi kudzera pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza, n'kudutsa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda ndi kukafika pa Beitbridge. Pachipatapo, ofesala amadinda pasipoti ndi kulemba tsiku limene mlendoyo ayenera kukhala atatuluka. Pasipoti iyenera kukhala ndi masamba osadindidwa ndiponso isathe pasanapite masiku 30 kuchokera pa tsiku lotulukalo.

Gawo 11 la lamuloli ndi limene limafotokoza za viza ya mlendo. Mlendo saloledwa kugwira ntchito, kupatula ngati wapatsidwa chilolezo chapadera cha gawo 11(2), chimene chimaperekedwa pa ntchito ya nthawi yochepa yosapitirira miyezi itatu, monga kukonza makina kapena kuphunzitsa antchito a kampani. Kuyambira mu 2014, mlendo saloledwanso kusintha viza yake kukhala yogwirira ntchito ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulo linatchula. Izi zikutanthauza kuti munthu amene wapeza ntchito ali pa masiku 30 aja ayenera kubwerera kwawo kukapempha viza yoyenera.

Mitundu ya viza zogwirira ntchito

Gawo 19 lili ndi mitundu itatu ya viza zogwirira ntchito. Woyamba ndi general work visa, imene imaperekedwa kwa munthu amene wapeza kale womulemba ntchito. Imatha kufika zaka zisanu, ndipo imatchula dzina la kampani ndi udindo wa munthuyo. Akafuna kusintha ntchito, amayenera kupemphanso kuti zolembedwa pa vizayo zisinthidwe asanayambe ntchito yatsopanoyo.

Wachiwiri ndi critical skills work visa, ya anthu a luso limene dzikolo likusowa. Boma limasindikiza mndandanda wa ntchito zoterezi. Mndandanda wa mu 2014 unalowedwa m'malo ndi wina mu Febuluwale 2022, umene unakonzedwanso pambuyo pake. Pamndandandawu pamapezeka ntchito monga za uinjiniya, za makompyuta, zina za chipatala ndi zophunzitsa kuyunivesite. Wopempha ayenera kulembetsa kubungwe loyang'anira ntchito yake, monga Engineering Council of South Africa kwa mainjiniya kapena South African Nursing Council kwa anamwino. Viza imeneyinso imatha kufika zaka zisanu.

Wachitatu ndi intra-company transfer work visa, ya munthu amene kampani yake ya kunja yamutumiza kunthambi yake ya ku South Africa. Ayenera kukhala atagwira ntchito pakampaniyo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Imafika zaka zinayi ndipo siwonjezeredwa.

Palinso corporate visa ya gawo 21, imene imaperekedwa kwa kampani, osati kwa munthu, kuti ilembe chiwerengero chodziwika cha anthu akunja. Imagwiritsidwa ntchito makamaka m'migodi ndi m'mafamu. Business visa ya gawo 15 imafuna kuti munthu aike ndalama zosachepera R5 miliyoni mu bizinesiyo, ndiponso kuti antchito 60 mwa 100 alionse akhale nzika kapena okhazikika. Wophunzira wa kukoleji kapena kuyunivesite amene ali ndi viza yophunzirira amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata.

Njira ya mapointi

Kale, wopempha general work visa ankafunika kalata yochokera ku unduna wa za ntchito yotsimikizira kuti bwana wake anafufuza koma sanapeze nzika yoyenera ntchitoyo. Kalata imeneyi inkatenga miyezi yambiri. Mu Okutobala 2024, nduna ya Home Affairs, Leon Schreiber, inakhazikitsa njira yowerengera mapointi. Wopempha ayenera kupeza mapointi 100 ndiponso kukhala ndi kalata yomulemba ntchito.

Amene ntchito yake ili pamndandanda wa maluso osowa amapeza mapointi onse 100 nthawi yomweyo. Ena onse amawerengeredwa maphunziro, malipiro, zaka zimene agwira ntchito, mtundu wa kampani yowalemba ndi chiyankhulo. Digiri ya masitazi kapena ya udokotala wa maphunziro imapatsa mapointi 50, ndipo digiri yoyamba imapatsa 30. Malipiro opitirira R976,000 pa chaka amapatsa mapointi 50, pamene apakati pa ndalama imeneyi ndi cha m'ma R650,000 amapatsa 20. Kugwira ntchito zaka zisanu mpaka khumi kumapatsa 20, kupitirira zaka khumi kumapatsa 30. Kudziwa chimodzi mwa ziyankhulo zovomerezeka za dzikolo, kuphatikizapo Chingelezi, kumapatsa 10.

Mwachitsanzo, munthu wa digiri yoyamba amene wagwira ntchito zaka 12, amayankhula Chingelezi ndipo walonjezedwa R700,000 pa chaka, amapeza mapointi 90 okha, pokhapokha kampani yake ili m'gulu la makampani odalirika amene boma limawapatsa mapointi oonjezera. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali R28.79 pa ola kuyambira mu Malichi 2025. Munthu wolandira ndalama imeneyi kwa maola 45 pa sabata amapeza pafupifupi R67,000 pa chaka, limene ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro oyambira kupatsa mapointi.

Zikalata zofunika

Ngakhale kuti viza iliyonse ili ndi zofunika zake, pali zikalata zimene zimafunidwa pafupifupi pa pempho lililonse. Izi ndi pasipoti, zithunzi, fomu yodzazidwa, kalata ya dokotala, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthu alibe mlandu, kontrakiti yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri, ndi kalata ya bwana yolonjeza kulipira ndalama zobwezera munthuyo kwawo ngati zitafunika kutero. Kalata ya dokotala ndi ya kupolisi siziyenera kupitirira miyezi isanu ndi umodzi chilembedwere. Mu 2023 unduna unachotsa lamulo lofuna chithunzi cha m'chifuwa, ndipo unachepetsa makalata a kupolisi kuti azichokera kumayiko okhawo amene munthu wakhalako miyezi 12 kapena kuposerapo m'zaka zisanu zapitazo.

Masatifiketi a sukulu ochokera kunja amayamba ayesedwa ndi bungwe la South African Qualifications Authority, limene limanena mlingo umene akufanana nawo m'maphunziro a dzikolo. Chikalata chimene sichili m'chiyankhulo chovomerezeka chimayenera kumasuliridwa ndi womasulira wolumbiritsidwa.

Pempho lowonjezera nthawi ya viza liyenera kuperekedwa kutatsala masiku 60 kuti vizayo ithe. Pempho likakanidwa, gawo 8 limapatsa munthu masiku khumi ogwira ntchito kuti achite apilo kwa mkulu wa unduna, ndipo akakanidwanso, masiku ena khumi kuti akadandaule kwa nduna.

Mabanja

Mlendo amene ali pa banja ndi nzika ya South Africa kapena ndi munthu wokhazikika angathe kupempha viza ya gawo 11(6), imene ingalembedwe chilolezo chogwira ntchito, kuphunzira kapena kuchita bizinesi popanda kudzera m'mapointi. Anthu okhalira limodzi osamanga ukwati amafunika kusonyeza kuti akhala limodzi zaka ziwiri ndiponso kukhala ndi pangano losainidwa kwa loya. Viza ya wachibale ya gawo 18 imafika zaka ziwiri, imafuna kuti wachibale wosunga munthuyo akhale ndi R8,500 pa mwezi, ndipo siilola kugwira ntchito.

Khothi Lalikulu la Malamulo Oyendetsera Dziko lasintha mbali zina za ndondomekozi. Mu 2019, pa mlandu wa Nandutu, linagamula kuti mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika kapena wa munthu wokhazikika angathe kusintha viza yake ya mlendo ali m'dzikomo. Mu Disembala 2023, pa mlandu wa Rayment, linagamula kuti kholo lakunja limene likulera mwana amene ndi nzika lisatayike ufulu wokhala ndi kugwira ntchito chifukwa choti banja latha.

Mwana wobadwira ku South Africa kwa makolo awiri akunja sakhala nzika chifukwa chongobadwirako. Kubadwa kwake kuyenera kulembetsedwa pasanathe masiku 30. Lamulo la unzika limalola mwana woteroyo kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, ngati wakhala m'dzikomo chibadwire ndipo kubadwa kwake kunalembetsedwa.

Chilolezo chokhazikika

Magawo 26 ndi 27 ndi amene amafotokoza za chilolezo chokhazikika. Angapemphe ndi munthu amene wakhala pa viza yogwirira ntchito zaka zisanu ndipo walonjezedwa ntchito yokhazikika, amene wakhala pa banja ndi nzika kapena wokhazikika kwa zaka zisanu, ndiponso ana a anthu amenewa. Angapemphenso anthu a luso losowa, eni mabizinesi, opuma pa ntchito amene amalandira R37,000 pa mwezi, othawa kwawo ovomerezeka, ndi anthu a chuma chosachepera R12 miliyoni amene amalipira R120,000 pempho likavomerezedwa.

Wokhazikika amapatsidwa chiphaso cha dzikolo ndipo angagwire ntchito kulikonse, koma savota. Chilolezochi chingalandidwe ngati munthu wakhala kunja zaka zoposa zitatu popanda chilolezo cha unduna. Cha munthu wapabanja chimatha ngati banjalo latha pasanapite zaka ziwiri chiperekedwere, kupatula ngati latha ndi imfa. Patatha zaka zisanu ali wokhazikika, munthu angapemphe unzika.

Zilolezo zapadera

Gawo 31 limapatsa nduna mphamvu yolola gulu la anthu kukhala m'dzikomo popanda kukwaniritsa zofunika za nthawi zonse. Mu 2009 boma linagwiritsa ntchito mphamvuyi kwa anthu a ku Zimbabwe. Chilolezo chawo chinasinthidwa mu 2014 ndi mu 2017, pamene chinatchedwa Zimbabwe Exemption Permit, ndipo anthu pafupifupi 178,000 anali nacho. Boma litaganiza zochithetsa, khothi la ku Pretoria linagamula mu Juni 2023 kuti ganizolo silinatsate malamulo, ndipo nthawi yake yakhala ikuwonjezeredwa. Anthu a ku Lesotho ndi a ku Angola anapatsidwanso zilolezo zofanana nazo. Amalawi sanapatsidweko chilolezo chotere.

Pepala la wopempha chitetezo, limene anthu amalitchula kuti asailamu, limachokera ku lamulo lina, la Refugees Act la mu 1998. Ndi la anthu othawa nkhondo kapena kuzunzidwa, ndipo umphawi kapena kusowa ntchito sizili m'gulu la zifukwa zovomerezeka.

Kupyola masiku ndi zilango

Munthu amene watuluka m'dzikomo masiku ake atatha kale amalembedwa pachipata kuti ndi wosafunika. Wopyola masiku osapitirira 30 amaletsedwa kulowanso kwa miyezi 12. Akachitanso zomwezo pasanathe miyezi 24 amaletsedwa zaka ziwiri, ndipo wopyola masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Angathe kulembera unduna kupempha kuti chiletsocho chichotsedwe ngati ali ndi chifukwa chomveka, monga kugonekedwa m'chipatala.

Malinga ndi gawo 49, kulowa kapena kukhala m'dzikomo popanda chilolezo ndi mlandu umene chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka zaka ziwiri. Bwana wolemba ntchito munthu wopanda mapepala akudziwa angalipitsidwe kapena kumangidwa chaka chimodzi koyamba, ndipo kachitatu angamangidwe mpaka zaka zisanu popanda mwayi wa chindapusa. Anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo amasungidwa ku Lindela Repatriation Centre, ku Krugersdorp. Lamulo silola kuti asungidwe masiku oposa 120, ndipo mu 2017 Khothi Lalikulu la Malamulo Oyendetsera Dziko linagamula kuti womangidwa aliyense aonekere kukhothi pasanathe maola 48.

Chidindo cha m'pasipoti chimayenera kugwirizana ndi zolembedwa m'makompyuta a unduna. Amene amatumiza pasipoti kumalire kudzera mwa munthu wina kuti ikadindidwe iwo ali m'dzikomo, kapena kugula pemiti kwa madobadoba, amakhala akupalamula mlandu wina. Gawo 29 limaika munthu wopezeka ndi viza, pasipoti kapena chiphaso chachinyengo m'gulu la anthu oletsedwa, ndipo chiletso chimenechi chilibe tsiku lothera pokhapokha mkulu wa unduna atachichotsa.

Ufulu wa wogwira ntchito wopanda mapepala

Kusowa viza sikuchotsa ufulu wonse wa wogwira ntchito. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, Khothi la za Ntchito linagamula kuti munthu wakunja amene chilolezo chake chatha amawerengedwabe ngati wantchito pansi pa lamulo la Labour Relations Act. Choncho angathe kukadandaula kubungwe la CCMA, limene limaweruza mikangano ya pantchito, ngati wachotsedwa mopanda chilungamo. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka amakhudzanso iyeyo. Komabe chigamulochi sichimupatsa chilolezo chokhala m'dzikomo, ndipo ambiri sapita kukadandaula poopa kugwidwa. Popanda viza n'kovutanso kutsegula akaunti kubanki kapena kusaina pangano la lendi ya nyumba.

Mavuto a kayendetsedwe

Vuto limene ladandaulidwa kwambiri ndi kuchedwa kwa mayankho. Pofika mu 2024, mapempho oposa 300,000 anali ataunjikana ku unduna, ena atadikira zaka zingapo. Pofuna kuteteza anthu amene viza zawo zinatha akudikira, unduna unkatulutsa zidziwitso zowalola kukhalabe m'dzikomo malinga akhale ndi lisiti ya VFS Global yosonyeza kuti anapereka pempho pa nthawi yake. M'chaka chomwecho unduna unakhazikitsa gulu lapadera la antchito loti lithane ndi mulu wa mapemphowo.

Vuto lina ndi katangale. Komiti imene inatsogoleredwa ndi Cassius Lubisi inafufuza zilolezo zoperekedwa kuyambira mu 2004 mpaka 2020, ndipo mu lipoti lake la mu 2022 inapeza kuti zina zinaperekedwa mwachinyengo mothandizidwa ndi antchito ena a unduna. Chilolezo chopezeka m'njira yotere chimalandidwa chikadziwika, ngakhale munthu atakhala nacho zaka zambiri, ndipo zilolezo za mkazi kapena mwamuna wake ndi za ana zimene zinadalira chimenecho zimakhudzidwanso.